Mtovu M'magazi a Amuna Anga

Ndinakwatiwa chaka chimene anthu anayamba kutchula matipate mokweza, osayamba acheuka kaye kuona amene ali kumbuyo. Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. M'tauni ndinabwera kudzathandiza azakhali anga kugulitsa nyemba ndi nandolo mumsika wa Ndirande. Amuna anga ndinawapeza kuseri kwa msika womwewo, kumene kuli osula mbaula, okhoma ndowa ndi owotcherera zitsulo, kumene phokoso la nyundo silikulola kumva mnzako akamakupatsa moni. Iwo ntchito yawo inali yokonza mabatire a galimoto.

Tsiku loyamba kuona ntchito imeneyi, mapazi anga anakana kuchokapo. Anatenga batire yakufa, nkuidula pamwamba, nkukhuthulira asidi pansi, dothi nkumachita thovu. M'kati anasololamo mapuleti otuwa, oyoyoka ngati masamba ouma. Anawaponya mumphika wachitsulo umene unali pamakala, mnzawo akupopa mvukuto. Ndinkaganiza kuti zinyalala zimenezo zingopserera. Koma patapita kanthawi zinayamba kufwafwanyika, kukhala pansi, ndipo atakokolola litsiro la pamwamba ndi chipande chachitsulo, pansi pake panaoneka madzi. Madzi a chitsulo! Oyera mbee, ong'anima kuposa kalilole, mitambo ya pamwamba pa phiri la Ndirande ikuonekeramo. Anapendeketsa mphikawo pang'ono, madzi aja nkuyenda mwaulemu, osathovoka, osadontha, nkulowa m'chikombole. Asanamalize kupukuta thukuta, anagogoda chikombolecho, nkugwa mutu wa batire watsopano, wolemera, wosalala.

“Chimenechi ndi chiyani?” ndinafunsa.

“Mtovu, achemwali. Sufa umenewu. Ungakalambe bwanji, ukangolawa moto umabwerera utsikana.”

Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo nkhani yathu inayambira pamenepo.

Zaka zimenezo ntchito inali yosatha. Maminibasi anachuluka mumsewu ngati ngumbi za mvula yoyamba, ambiri mwa iwo okalamba kale, ofuna kukankha m'mawa uliwonse. Anthu oonetsa mavidiyo ankafuna mabatire, eni mawailesi akuluakulu ankafuna mabatire, ngakhale oyendetsa misonkhano ya zipani ankabwera kudzabwereka oti aziyendetsera zimkuzamawu. Amuna anga ankalawirira m'mawa nkubwera dzuwa litapendeka, ovololo ili mbuu, tsitsi lili mbuu, m'zikhadabo muli bii. Masana ankadyera komweko. Mbatata ankaiotcha pamakala omwewo osungunulira mtovu, nkumasenda ndi zala zomwezo. Ankakonda kunena kuti m'kamwa mwawo mumangotsekemera tsiku lonse ngati avumata ndalama yachitsulo yothira shuga. Ovololo ija ndinkaikutumula pakhomo, fumbi nkulowa m'nyumba, nkukatera pambale ndi pamphasa. Tinalibe nazo ntchito. Fumbi ndi fumbi, Ndirande yense ndi wafumbi.

Chaka chinatha, china chinatha. Kumbuyo kwanga kunalibe mwana.

Amene sanakhalepo m'nyumba za lendi zogundizana sangadziwe kuti mimba ya mkazi imakhala nkhani ya mpanda wonse. Kumpopi amayi ankayang'ana kaye pamimba panga asanayang'ane nkhope. Mtsikana amene anakwatiwa pambuyo panga anabereka, nkuberekanso. Ine ndinali wonyamula ana a eni, wowatonthoza amayi awo akapita kuchigayo. Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, ankakhala ku Bangwe, ndipo sanali munthu woipa. Ankandikonda ndithu. Koma Loweruka lililonse ankatulukira ndi kabotolo kena kapena mizu yomanga m'pepala. Ndinamwa zowawa, zonunkha, zothira m'phala, zosamba mbandakucha pamphambano. Ndinapita kwa azamba, ndinapita kumapemphero a m'phiri. Aliyense ankafufuza m'mimba mwanga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'anako kwa mwamuna, ngakhale ine ndemwe. Mwamuna wamphamvu, wonyamula mabatire awiri nthawi imodzi, ungamuganizire chiyani?

Tsiku lina apongozi analankhula ndi mwana wawo pakhonde, ine ndikutsuka mbale kuseri, ndipo sanatsitse mawu.

“Mwananga, munda ukakana mbewu sulimbana nawo. Kwathu atsikana alipo.”

“Amayi, ine ndinalumbira kutchalitchi.”

“Nanga dzina la bambo ako lithere pa iwe?”

Amuna anga anadzuka. Analowa m'nyumba, nkukhala pampando, nkugwira pamimba. Nthawi imeneyo nkuti atayamba kale kudwala.

Kudwala kwake kunali kosamveka. M'mimba munkawapota mpaka kugubuduka pansi, nkukhala masiku odzimbidwa. Mutu sunkawasiya. Munthu wanthabwala uja anasanduka wa mtima wapachala, kapu ikangogwa ankakalipa mpaka aneba kusuzumira, kenako nkudzandipepesa misozi ili m'maso, akuti sakudziwa chimene chawagwira. Anayamba kuonda, nkhope kutuwa. Zaka zimenezo mwamuna akaonda, anthu sankafunsa kuti akudwala chiyani, ankangogwedeza mitu, chifukwa maliro anali pafupifupi mumzere uliwonse wa nyumba. Ena anasiya kumwera kapu yathu. Nkhani za kuchipinda nazo zinazirala, tinkangogona ngati mlongo ndi mlongo wake, aliyense akuopa kufunsa mnzake.

Chimene sanasiye ndi kwaya. Ankaimba besi kutchalitchi kwathu. Pambali pawo pankaima bambo wina wa ku Rumphi, wamtali, wovala jekete ngakhale kutenthe bwanji, amene ankagwira ntchito kuchipatala chachikulu. Tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Chinyanja chawo chinali chopendekera kwawo, amuna onse anali “adada”, akazi tonse “amama”. Lamulungu lina, nyimbo ili pakati, buku la nyimbo linagwa m'manja mwa amuna anga. Anatola, linagwanso. Dzanja lamanja linali litalendewera pamfundo ngati khosi la nkhuku yozinga, zala zikukana kudzuka. Ine ndili kumbali ya amayi ndinaona adokotala asiya kuimba, maso ali padzanjapo.

Titatuluka anatiitanira pansi pa mtengo wa mbawa, kutali ndi anthu.

“Adada, mundikhululukire. Tayasamulani.”

Amuna anga anayang'ana ine, nkuyasamula. Adokotala anawakweza mlomo wa m'mwamba ndi chala, nkuwatembenuzira kudzuwa.

“Amama, bwerani muone.”

M'mphepete mwa nkhama, pamene mano amatulukira, munali kamzere kotuwa mobiriwira, kowongoka bwinobwino ngati wina wachita kujambula ndi pensulo. Zaka zonsezo ndinkaona mano amenewo akuseka, akudya, koma kamzereko ndinali ndisanakaonepo.

“Kodi paja mumagwira ntchito yanji, adada?”

“Ndimakonza mabatire.”

“Mumasungunula mtovu?”

“Tsiku ndi tsiku.”

Adokotala anapuma mpweya wautali. Anafunsa za m'mimba, za mutu, za kupsa mtima, ndipo chilichonse chimene ankafunsa chinali ngati akhala nafe m'nyumba. Kenako anatsitsa mawu.

“Nanga kunyumba kuli ana angati?”

Ndinayang'ana pansi. Amuna anga anati, “Mulungu sanatipatse.”

“Mubwere kuchipatala Lachiwiri. Nonse awiri.”

Kuchipatala anatitenga magazi. Matenda amene tinkawaopa aja sanapezeke, ndipo tsiku limene anatiuza zimenezo ndinangokhala pansi pasimenti. Ine anandiyeza zonse za amayi, nkunena kuti sakuona cholakwika. Kenako adokotala anapatsa amuna anga kabotolo, nkuwanong'oneza. Ndinaona makutu awo akuchita manyazi. Anazimiririka kwa kanthawi, nkubwera atafumbata kabotoloko m'thumba la jekete ngati aba.

Sindidziwa chimene chinawachititsa adokotala kutilowetsa m'chipinda choyezera. Mwina anadziwa kuti mawu okha sakanatikwanira. Munali mayi wina wovala gauni yoyera, atakhala pamakina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anadontheza kadontho pakagalasi, nkuika pansi pa makinawo, nkupotokola pang'onopang'ono. Anayang'ana nthawi yaitali, nkuitana adokotala, nawonso anayang'ana. Kenako anati, “Adada, onani mbewu yanu.”

Amuna anga anawerama, nkudzuka. Anandikodola.

Ndinatsinzina diso limodzi monga anandiuzira. Poyamba ndinangoona kuwala kozungulira ngati mwezi. Kenako mwezi uja unayera, ndipo ndinaona tinthu. Tinali ngati ambululu a mumtsinje wa Nasolo, kamutu ndi kamchira, koma toyera, toonekera m'kati. Ndinaiwala kupuma. Ine mayi wamkulu, wolangizidwa ndi anamkungwi, wokhala m'banja zaka, sindinkadziwa kuti m'thupi la mwamuna muli zamoyo zokhala ndi mitu ndi michira. Ndinkayesa ndi madzi chabe. Ndinaganiza za anthu onse a mumsika wa Ndirande, osula mbaula, azakhali anga, abusa, apulezidenti amene tinkawamva pawailesi, kuti aliyense anayamba ngati kameneka. Thupi lonse linachita tsembwe.

Koma tinali tochepa, apa kamodzi, apo kamodzi, m'bwalo lalikulu lopanda kanthu. Tambiri tinali phee. Kena kanali ndi mchira wopindika, kena mitu iwiri. Kamodzi kokha ndi kamene kankayenda, nako kankangozungulira pamodzimodzi ngati kaledzera. Ndinakayang'anitsitsa kameneko, mtima ukundiuza kuti ndikakankhe ndi chala.

“Timayenera kukhala tambirimbiri,” anatero adokotala, “tothamanga, topikisana. Mtovu ukalowa m'thupi, kudzera mu utsi umene mumapuma ndi fumbi limene mumadyera kumodzi ndi chakudya, sutuluka msanga. Umayenda m'magazi, umakhala m'mafupa. Ndi umene ukupotokola m'matumbo, ndi umene wagwetsa dzanjali. Ukafika kumene mbewu imapangidwa, umaifooketsa. Amamawa alibe mlandu.”

Amuna anga anafunsa, “Ndiye kuti basi, ndine gojo?”

“Ayi, sindinatero. Thupi la mwamuna silisunga mbewu yakale, limapanga yatsopano nthawi zonse. Mukatalikana ndi mtovu, mwina ibwerera. Sindikulonjeza, ine si Mulungu. Koma mukapitiriza, si ana okha amene mudzawasowe. Impso zidzatha, mutu udzasokonekera. Ndipo fumbi limene mumapita nalo kunyumba likuloweranso amamawa. Ngakhale mimba itabwera, lingaichotse.”

Sitinakwere minibasi pobwerera. Tinayenda wapansi, kudutsa m'tauni, mavenda atayala malonda m'makhonde a sitolo, kaunjika ali mbwee, anyamata akukuwa. Amuna anga anali patsogolo, ine pambuyo. Titafika pamlatho anaima, nkuyang'ana madzi akuda akuyenda pansi.

“Mayi,” anatero, “mizu yonse ija munamwa.”

“Zinapita zimenezo, bambo.”

“Zosamba pamphambano zija. Mawu a kumpopi aja.”

Ine mumtima munalibe mkwiyo. Maganizo anga anali akadali m'kamwezi kaja, pa kanthu kozungulira kaja. Ndinkadzifunsa kuti chitsulo cholemera chotere, chimene ndinkachiona chikuuma m'chikombole, chingayende bwanji mwakachetechete m'mitsempha ya munthu mpaka kukapeza kanthu kochepetsetsa m'thupi lonse.

Loweruka lotsatira sanadikire kuti apongozi abwere. Anavala malaya oyera nkundiuza kuti tipite ku Bangwe. Kumeneko anapempha kuti aitanenso amalume awo. Ine ndinakhala pamphasa pafupi ndi chitseko. Anafotokoza zonse, osabisa, osazungulira, mpaka kukweza mlomo kuonetsa kamzere kaja.

“Vuto lili mwa ine. Mkaziyu mwamuvutitsa chabe, ndipo ine ndinkangoonerera.”

Amalume anakanda m'mutu. “Aphwanga, zimenezi mwamuna sanena pagulu.”

“Za mkazi wanga zinkanenedwa pagulu, amalume.”

Ndinali ndisanamvepo mwamuna wa kwathu kuno akudzivula chotero pamaso pa amayi ake omubereka, ndipo mpaka lero sindinamvenso. Ndinawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba, munthu woonda, dzanja lili lende pabondo, koma mawu osagwedera. Apongozi anakhala nthawi yaitali atagwira tsaya. Kenako anadzuka, nkutuluka, nkubwera ndi beseni la madzi ofunda. Anagwada patsogolo panga, iwo apongozi, kuti ndisambe m'manja tidye. Ndinafuna kulanda besenilo, anakana.

Kusiya ntchito kunali kowawa. Inali ntchito yokhayo imene ankaidziwa, ndipo ankaikonda. Zipangizo anasiyira anzawo, ovololo ndi nsapato anazisiya komweko. Anayesa kuwachenjeza anzawowo. Ena anaseka, amvekere, “Ife tili ndi ana asanu, mtovu wake uti?” Mmodzi yekha, amene mkazi wake anali atapita padera kawiri, anabwera kunyumba kudzafunsa bwinobwino, ndipo pambuyo pake anayamba kusungunulira pamtetete, kusamba asanadye ndi kusiya zovala kuntchito. Ine ndinakolopa nyumba yonse, makoma omwe, nkutaya mphasa zakale. Pambuyo pake tinasamukira ku Chilomoni, kumene alamu anga anali ndi shedi ya ukalipentala. Amuna anga anayamba ndi kupala matabwa ndi dzanja lamanzere, munthu wamkulu kuphunzira ntchito pamodzi ndi achinyamata. Ine ndinabwerera ku nyemba ndi nandolo. Ndiwo zinali zamasamba masiku ambiri.

Kuchipatala ankapitabe kukalandira mankhwala ndi kukayezedwa. Kuchira kwake kunabwera ngati mmene udzu umamerera pamalo opsa, sungaone tsiku lake. M'mimba munayamba kuleza. Tsiku lina kapu inagwa nkusweka, ine ndinaumitsa thupi kudikira mkuntho, koma iwo anangoti, “Yatopa imeneyo,” nkuseka. Zala zinayamba kugwedezeka chimodzichimodzi. Ankakhala pakhonde madzulo akuziyang'ana, akuzidzutsa, ngati munthu wophunzitsa mwana kuyenda. Kenako dzanja linadzuka lonse, nkugwira nyundo. Kuchipinda nako kunafunda.

Mvula inagwa nkutha, inagweranso. Mwezi uliwonse ndinkaona zimene sindinkafuna kuona, koma tsopano tinkadandaula awiri. Adokotala atatiitananso kuti akayeze mbewu, amuna anga anazengereza. Ankaopa kukaona bwalo lopanda kanthu lija. Ndinawauza kuti ngati iwo safuna kuyang'ana, ndikayang'ana ndine.

Mayi wa gauni yoyera uja anatikumbukira. Anaika kagalasi, nkupotokola, ndipo sanachedwe. Anadzutsa mutu akumwetulira, nkundisunthira mpando.

Mayo ine! Kamwezi kaja kanali kodzaza. Piringupiringu, uku ndi uku, timichira tikuphiriphitha, tina tikudutsana, tina tikugundana, tina tikuwoloka bwalo lonse molunjika ngati tatumidwa. Tofooka tinalipo ndithu, togona tinalipo, koma tamoyo tinali tosawerengeka. Zinali ngati msika wa Limbe pakutha pa mwezi. Ndinakuwa m'chipinda cha anthu ophunzira, “Bambo, bwerani! Akuthamanga!” Anawerama, nkukhala choncho nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Atadzuka, pagalasi loonera panali ponyowa, mayi uja anachita kupukuta ndi kansalu.

Palibe amene analowa m'thupi mwawo kukakonza. Palibe mpeni umene unawadula. Thupi lokha, litangopatsidwa mpata, linakumbukira ntchito yake nkuyambiranso mumdima, ife tikugona, tikupala matabwa, tikuyeza nyemba. Ndimati ndikaganiza zimenezi, ngakhale lero, ndimasowa chonena.

Adokotala anatichenjeza kuti tisathamange mtima, mbewu kuyenda si mwana kubadwa. Tinadikirabe miyezi ina. Kenako fungo la utuchi, limene ndinkalikonda, linayamba kundichititsa nseru. Sindinauze munthu mpaka mwezi wachitatu, kuopa kuti ndingalote masana. Amene anayamba kuzindikira ndi apongozi. Anandiyang'ana m'khosi ndi m'maso, nkuyamba kuvina okhaokha pabwalo, opanda ng'oma, nkhuku zikuthawa.

Mwana anabadwa nthawi ya dzinja, m'mawa, mvula ikuwaza, zaka za m'ma naintini zija zikupita kumapeto. Anali wamkazi. Amuna anga anawalola kulowa nthawi ya alendo itakwana. Anabwera utuchi uli m'tsitsi, atathamanga kuchokera kushedi, nkuima patali ndi bedi, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu. Anesi anachita kuwakoka, amvekere:

“Bambo, mwana wanu uyu. Mukuopa chiyani?”

Anakhala pampando, ndinawaikira mwanayo pamiyendo. Anamuvundukula pang'ono, nkuyang'ana timakutu, tizikhadabo, kamlomo kakuyamwa mphepo. Mwadzidzidzi mwana anakwinya nkhope, nkukoka mpweya, nkuyetsemula, kamodzi, kakang'ono ngati ka mphaka. Bambo wamkulu uja anadzidzimuka mpaka mpando kulira. Anandiyang'ana maso ali tong'o.

“Mayi, wayetsemula! Wabadwa lero lomwe, wamuphunzitsa ndani?”

Amayi onse a m'wodimo anaphulika kuseka, ngakhale amene anali ndi ululu. Iwo sanaseke. Anaweramiranso pamwanayo, kudikira kuti mwina achitanso.